Lachitatu lomwe ndinapita ndekha ku Stourhead

Ndinali nditagwira ntchito mausiku anayi motsatizana kunyumba yosamalira okalamba, moti mabelu oyitana ankalirabe m'makutu ngakhale nditagona. Komwe ndimakhala nako tilipo asanu, wina pa foni, wina pa wailesi. Nditauza mnzanga kuti ndikupita ndekha ku Stourhead, munda wakale wokhala ndi nyanja ku England, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Achemwali, kwagwanji? Mwayambana ndi ndani?" Paja kwathu munthu akamayenda yekha timati wakwiya kapena china chamuvuta. Ine ndinkangofuna malo oti pasapezeke wonditchula dzina.

Ndinakwera sitima mpaka ku Gillingham ya ku Dorset, kenako takisi kukafika pamudzi wa Stourton ku Wiltshire. Chinyumba cha banja la Hoare, eni banki ya ku London, ndinangochiona panja. Chomwe ndinadzera chili kumunsi, kuchigwa.

Ukamatsetsereka, nyanja imangotulukira pakati pa mitengo, madzi ali phee. Si yachilengedwe ayi. Henry Hoare II ndiye anatchinga akasupe a mtsinje wa Stour kuti madzi adzaze chigwacho. Njira yozungulira anaikonza mwaluso: Pantheon, kachisi wa nsanamira yemwe anajambula mapulani ake ndi Henry Flitcroft, umamuona tsidya, n'kubisika, n'kudzaonekeranso ukakhota. Unali mwezi wa May, maluwa a rhododendron ali psuu m'mbali mwa madzi. Hoare ameneyu mkazi wake anamwalira mu 1743, ndipo zaka zambiri zotsatira anazithera pa munda umenewu. Poyenda ndinkaganiza kuti munthu wosadziwa chisoni sakanakonza malo otere.

Pomwe ndinakhalitsa ndi m'phanga lomwe amalitcha Grotto. Umalowa mumdima, pansi pali timiyala tozizira, makoma akuchucha. Mkatimo muli chosema cha mkazi wogona pamwamba pa kasupe, ndipo mbali inayo pali chiboo chomwe umaonera nyanja ili pafupi ngati ungaikhudze. Munalibe munthu. Kunkangomveka madzi okha, kaphokoso komwe kaja ka pa Mulunguzi ku Zomba, komwe amayi ankatitengera tili ana. Maliro a amayi ndinawaonera pa foni chaka chatha, m'mawa mwake n'kubwerera kuntchito. Mpata wolira sindinaupeze mpaka tsiku limeneli. Ndinalira ndithu, popanda wonditonthoza, popandanso wondiuza kuti ndilimbe mtima. Nditatuluka, pachifuwa panali popepuka.

Ku kachisi wa Apollo, wa mu 1765, kuli chitunda chotopetsa, koma ukafika pamwamba chigwa chonse chimaoneka. Ndinakhala pa udzu n'kudya mbatata yomwe ndinawiritsa usiku wake.

Munda umenewu uli m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, kuyambira 1946. Sir Henry Hoare, wina wa m'banja lomweli, anaupereka atataya mwana wake mmodzi yekhayo, Harry, yemwe anafa mu 1917 atavulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndinalowa m'tchalitchi cha St Peter chapafupi ndi pachipata, n'kupempherera makolo amenewo pamodzi ndi amayi anga.

Foni ndinaiyatsa ndili m'sitima. Munali mauthenga atatu a mnzanga uja, onse ofunsa ngati ndadya.