Matabwa a composite pakhonde lathu ndi nkhungu ya ku Mzuzu

Kuno ku Mzuzu nkhungu timaidziwa mitundu yonse iwiri: ilipo imene imaphimba mapiri m'mamawa wa mwezi wa June, ndipo ilipo ina imene imamera pa chilichonse chimene chakhalitsa chisanaume. Pomanganso khonde la kuseri kwa nyumba yathu ku Katoto, ndinasankha matabwa a composite, amene amapangidwa posakaniza utuchi ndi pulasitiki, chifukwa matabwa a paini a ku Chikangawa amene analipo kale anali ataola m'mphepete ndiponso chiswe chinali chitawalowa. Wogulitsa ananena kuti matabwa atsopanowa saola msanga ngati paini, ndipo sananame, koma sanandiuze kuti nkhungu imatha kumera ngakhale thabwalo lili lolimba, pakuti imadya fumbi, mungu ndi masamba amene agwera pamwamba pake, bola pakhale chinyezi.

Mmisiri woyamba anagwira ntchito monga anazolowera ndi matabwa wamba. Mitanda ya pansi anaiika motalikirana masentimita 60, pomwe opanga matabwawa ambiri amafuna 40, ndipo matabwawo anawathinanitsa kuti khonde lioneke losalala. Pomaliza anatseka m'mbali monse ndi njerwa, ine n'kuvomereza chifukwa zinkaoneka zaudongo. Pofika mu April matabwa anali atapindika pang'ono pakati pa mitanda, madzi ankadikha m'malo amenewo, ndipo kufupi ndi khoma kunali madontho akuda ndi ndere zobiriwira zoterera, moti amayi anasiya kutulukira khomo limenelo poopa kugwa. Nditazula thabwa limodzi, pansi pake panatuluka fungo la chinyontho, ndipo mtanda wina unali wofewa moti chikhadabo chinkalowa.

Tinaphwasula n'kuyambiranso. Tinaika mitanda yothiridwa mankhwala oteteza kuola, yotalikirana masentimita 40, ndipo tinaipendeketsa pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa khoma. Pakati pa thabwa ndi linzake tinasiya mpata wa mamilimita 5 kapena 6, umene umasungika ndi timakilipi tobisika tolumikizira matabwa ku mitanda, ndipo kumapeto kwa matabwa tinasiyanso danga, popeza pulasitiki imatalika ndi dzuwa la mu October n'kubwerera m'nyengo yozizira. Misomali yopotera tinagula ya chitsulo chosachita dzimbiri. Koma chimene ndimachiona kuti chinathandiza kwambiri ndi kugumula njerwa zija n'kuikapo waya wa sefa, kuti mphepo izidutsa pansi koma nkhuku ndi njoka zisalowe.

Kusamalira kwake sikufuna ndalama zambiri, kumangofuna kusatopa nako. Ndimatsuka khonde lonse kawiri pachaka, mu November mvula isanakhazikike ndi mu May ikamatha, ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi burashi yofewa, kutsatira mizere ya thabwa. Burashi yawaya sindiigwiritsa ntchito, chifukwa imakanda chikopa chapamwamba ndipo dothi limakhazikika m'mikwingwirimamo. Madontho akakanirira ndimathirapo viniga wosungunula ndi madzi, n'kutsukuluza bwino. Bulichi ndimampewa popeza amatha kufwifwitsa mtundu wa matabwa, ndipo kumusakaniza ndi viniga n'koopsa chifukwa kumatulutsa mpweya wapoizoni.

Miphika ya maluwa ndinaikweza pa timiyala kuti pansi pake paziuma, mkeka sugona pakhonde usiku, ndipo mbaula ndinailetseratu, pakuti khala limodzi lamoto limasungunula pulasitiki n'kusiya chipsera chosachotseka. Ntchito imene imandidyera nthawi ndi ya mtengo wa mapeyala umene uli pakona, umene sindikufuna kuudula. Loweruka lililonse ndimagwada ndi kachipande kapulasitiki n'kumatokosa masamba ake m'mipata ya matabwa, mzere ndi mzere, mpaka nditaona dothi la pansi kudzera m'mpata uliwonse.