Sabata ya msonkhano ku nyanja

Lolemba ndinalawirira ku ofesi kuti ndisiye zinthu zili m'malo mwake ndisananyamuke. Panali malo odyera atatu pa msika omwe ndinayenera kuwayendera, ndipo pa chiimilire china ndinapeza anyamata akutsuka mbale m'beseni limodzi la madzi omwe anali atasanduka bii. Ndinawauza kuti atunge ena ine ndili pomwepo, ndikuwaonetsa kuti mabeseni akhale awiri, lotsukira ndi lotsukuluzira. Masana ndinakwera minibasi ya ku Mangochi, komwe kunali msonkhano wa ife ogwira ntchito zoona ukhondo ndi umoyo wa anthu.

Misonkhano yotereyi ndimaikonda, sindibisa. Woyamba womwe ndinapitako unali waukulu zedi, wa dziko lonse lapansi, womwe bungwe la International Federation of Environmental Health linachititsa ku Lilongwe mu 2016 mothandizana ndi MEHA, bungwe lathu la ogwira ntchitoyi m'Malawi muno. Ndinali nditangomaliza kumene maphunziro ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS. Kumeneko ndi komwe ndinazindikira kuti ntchito yoyendera zimbudzi, mijigo ndi misika ili ndi anthu ake kulikonse, ndipo amainyadira.

Lachiwiri lonse linathera pa nkhani ya kolera. Palibe mwa ife amene angaiwale mliri womwe unayamba mu March 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuchedwa kutsegulidwa mu January 2023. Kenako namondwe wa Freddy anabwera mu March chaka chomwecho, n'kugwetsa zimbudzi zomwe tinavutikira zaka zambiri kuti anthu akumbe. Mayi wina wa kuchigwa cha Shire anaonetsa zithunzi za zimbudzi zokugwa m'dothi lamchenga, ndipo m'holo monse munangoti zii. Ambirife tinazionapo ndi maso athu.

Lachitatu kunali mkangano wa malamulo. Lamulo la zaumoyo la Public Health Act lomwe takhala tikugwiritsa ntchito linakhazikitsidwa mu 1948, nthawi ya atsamunda, kulibe madzi a m'majumbo, kulibe misika yodzaza ngati ya lero. Aliyense anali ndi chonena, ndipo nthawi inatha anthu akadakweza manja.

Koma chomwe ndinabwera nacho kunyumba sindinachimve m'holo. Pa nthawi ya tiyi ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire, yemwe watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ndinamuuza monyadira kuti kwathu tagawa klorini m'midzi yonse yozungulira chipatala chathu chaching'ono.

"Mwagawa, achimwene, zikomo. Nanga m'ndowa mwayezamo?" anandifunsa.

Ndinasowa choyankha. Malipoti athu amawerenga mabotolo omwe tagawa ndi makomo omwe tafikira. Sanena ngati madzi omwe mwana akumwa madzulo akadali ndi mankhwala.

Bamboyo anatenga nthawi kundifotokozera zomwe ndinaphunzira kale m'kalasi, koma ndinali nditazisiya m'mabuku. Klorini wa ufa uja wa HTH timamusungunula m'madzi kuti mphamvu yake ikhale 1%, alangizi a zaumoyo n'kumagawa m'mabotolo. Botolo likakhala padzuwa kapena losatseka bwino, mphamvu yake imatha msanga. Madzi akakhala amatope, monga a m'zitsime za m'dambo nthawi ya dzinja, matopewo amadya mankhwala onse asanaphe tizilombo. Ndiye pali kapu ija yomwe aliyense amaviika m'ndowa, dzanja n'kulowa nawo. Pa nthawi ya mliri timafuna kuti pakatha mphindi 30 chithirireni mankhwala, m'madzimo mutsale klorini wosachepera 0.5 mg pa lita. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyeza pakhomo pomwepo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinayamba kuganiza za alangizi athu a zaumoyo, omwe kumudzi amawatchula kuti adokotala. Ndi iwo amene amapalasa njinga m'matope, amene amakangana ndi abambo okana kuika chivundikiro pa chimbudzi, amene amaphunzitsa ana kupanga mpondagiya ndi kachigubu ndi chingwe. M'holo muja munalibe mlangizi ngakhale mmodzi. Izi zimandiwawa. Timakambirana ntchito yawo m'chipinda chozizira bwino, eni ake akumva nkhani zake patapita miyezi, ngati azimva n'komwe. Lachinayi potseka msonkhano ndinaimirira n'kupempha kuti ulendo wina boma lililonse lidzabwere ndi mlangizi mmodzi, ndipo adzapatsidwe mpata woyankhula. Ena anaomba m'manja, ena anati ndalama zake zichokera kuti. Pempholo linalembedwa.

Lachisanu sindinapite ku ofesi. Ndinatenga kachipangizo koyezera ndi timapiritsi ta DPD toyezera klorini m'madzi, tomwe tinali m'kabati, n'kupita ndi mlangizi wina kumudzi womwe uli pafupi ndi dambo. Tinayamba talonjera a mfumu, kenako tinalowa m'makomo.

Pakhomo loyamba madzi anafiira pang'ono nditaponyamo piritsi, kusonyeza kuti mankhwala alimo. Pakhomo lachiwiri tinapeza gogo wina akusenda chinangwa.

"Odi agogo, tingaone nawo madzi akumwa?"

"Lowani adokotala. Ndathira mankhwala anu aja m'mawa womwe uno."

Sananame. Anatitulutsira botolo lomwe linali pazenera, pomwe dzuwa limaomba tsiku lonse, lotsekedwa ndi chitsononkho. Ndinatunga madzi m'ndowa, n'kuponyamo piritsi, n'kukhutchumula. Madzi anangokhala mbee. Mlangizi uja anandiyang'ana, nkhope itagwa, chifukwa botololo analigawa yekha masabata atatu apitawo.

Tinakhala pamkeka n'kuwafotokozera agogowo kuti iwo sanalakwe. Mdzukulu wawo anathamanga kukafuna botolo la chitsekero, ndipo tinagwirizana kuti lizikhala kuseri kwa mtsuko, kumdima. Mlangizi analemba m'kope mwake kuti Lolemba asungunula mankhwala atsopano, ndipo tinanyamuka kupita pakhomo lachitatu.