Mawotchi atatu pa Sapitwa, iliyonse ndi zake

Pamwamba pa Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, nkhungu itatikuta, mawotchi atatu anatsutsana. Ina inati tili pamtunda wa mamita 2,958, ina 2,971, yachitatu 3,014. Wotitsogolera anangoseka n'kuloza chipilala cha pansonga: pano ndi 3,002, zinazo n'zanu.

Palibe wotchi imene inawonongeka. Mawotchi ambiri a Garmin, Suunto kapena Coros sayeza phiri ayi, amayeza kulemera kwa mpweya ndi kachipangizo kotchedwa barometer, kenako n'kuwerengera mamita. Kumtunda kuno, mpweya ukasintha ndi hPa (muyezo wa kulemera kwa mpweya) imodzi yokha, wotchi imasuntha ndi mamita pafupifupi 10 inu muli chikhalire pamwala. Ndiye m'mayiko otentha ngati kwathu mpweya umakwera ndi kutsika wokha kawiri patsiku: umalemera cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi usiku, n'kupepuka cha m'ma 4 koloko masana ndi mbandakucha. Izi zokha zimabweretsa mamita 20 kapena 30 abodza. Chiperoni chikalowa usiku muli m'tulo pa kanyumba kogona ka Chisepo, zimangowonjezereka.

China chimene ambiri sachidziwa n'kutentha. Wotchi imawerengera ngati kunja kukuzizira kuposa mmene kumakhalira pa Mulanje masana. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 kuposa mmene ikuganizira, imakuberani mamita 4 pa 100 alionse amene mwakwera. Kuchokera pa Chisepo, pamamita pafupifupi 2,200, kukafika pansonga, ndiye kuti mamita 30 asowa.

Mankhwala ake n'kutchera wotchi pafupipafupi. Pezani mu wotchimo pamene palembedwa Calibrate, mulembe nokha mamita a malo amene mukuwadziwa kuchokera pamapu. Chitani zimenezi pa Likhubula, m'munsi mwa phiri, musananyamuke, pa kanyumba kalikonse kogona, ndiponso m'mawa uliwonse musanamange nsapato. Kutchera ndi GPS kumathandiza, koma imani poyera, kumwamba kukuoneka konse, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. M'chigwa kapena pansi pa khoma la nsonga ya Chambe musayese n'komwe, GPS imaphonya kwambiri kutalika kusiyana ndi malo. Onaninso ngati wotchi ili pa mamita osati mafiti.



Chimene chimandinyansa n'choti munthu amagula wotchi ya ndalama zokwana thumba la feteleza kangapo, koma kabowo ka barometer sakatsuka. Thukuta, fumbi ndi mafuta odzola zimakatseka, manambala n'kumadumpha ngati chule. Viikani wotchiyo m'madzi oyera ofunda pang'ono, muigwedeze, muisiye iume yokha. Singano kapena kamtengo musalowetsemo, kachipangizo ka mkatimo n'kosalimba. Mkono wa jekete yamvula ukathina pa wotchi, kapena mphepo ikamawomba molunjika pa kabowoko, imanamanso.

Potsika, nkhungu ikatseka miyala ya pansi pa Sapitwa, tcherani wotchi pa 3,002 musanachoke pa chipilala. Maola awiri otsatirawo ikhala pafupi ndi zoona, komabe mapazi a wokutsogolerani musawataye.