Zikomo inu amene mwasunga moto pa mkombaphala wathu

Ife a komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu muno, m'boma la Phalombe, pamodzi ndi alezi athu, tikuti zikomo. Teremu yachitatu yatsekedwa, ndipo aka n'koyamba chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kuti ana aphunzire chaka chathunthu m'chipinda chawochawo, phala osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Madzi a chaka chimenecho, amene akuluakulu anawafanizira ndi napolo wa 1991, anagwetsa chipinda, khitchini ndi zimbudzi. Tisanapume n'komwe, ng'amba ya 2024 inapsereza munda wa sukulu, chaka chija boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Za chisoni tazilira mokwana. Lero tikufuna titchule amene anatigwira mkono ndi chimene aliyense anachita, mwatchutchutchu, chifukwa alezi a m'midzi ina amawerenga pano ndipo ambiri sadziwa khomo loti agogode.

Tiyambe ndi inu amfumu ndi nduna zanu. Munapereka malo okwera, munakaniza kumanga pa maziko akale, ndipo munagawira banja lililonse tsiku lake loumba njerwa ndi kututa mchenga. Nanu amisiri a m'mudzi muno, munatitsegula maso: chimene chimagwetsa zipinda zathuzi si mphepo yokha, koma madzi amene amakhala pa phazi la khoma mpaka dothi lomangira litasungunuka. Chipinda chatsopanochi maziko ake munakumba mpaka pa nthaka yolimba, njerwa zootcha munamangira simenti kufikira zitatuluka pamwamba pa nthaka, munayala pepala la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere khoma, ndipo mitengo ya denga munaimanga ndi waya wolowa m'khoma. Kumtunda kuli ngalande yopatutsa madzi. Langizo lanu tikulipereka kwa ena momwe munalinenera: simenti ikachepa, ithereni pansi, pulasitala adikire.

Tsopano za phala, chifukwa apa m'pamene pagona sukulu. Aliyense amene anasungapo ana amadziwa kuti utsi ukapanda kufuka kukhitchini masiku awiri, lachitatu mlezi amakhala ndi mphasa zokha. Alangizi a zaulimi a dera lino, zikomo potiphunzitsa kuwerengera tisanalime. Muyezo wathu ndi kilogalamu imodzi ya ufa pa ana 20, kutanthauza magalamu 50 pa mwana. Sukulu ya ana 60 imadya makilogalamu 3 pa tsiku, 15 pa sabata, pafupifupi matumba anayi a makilogalamu 50 pa teremu. Posakaniza timaika magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya, choncho pa chaka pafunika matumba khumi a chimanga ndi atatu a soya, poganiziranso zotayika popeta. Komiti imene sinachite masamu amenewa imazindikira mu Januwale kuti nkhokwe yauma, nthawi imene chimanga chakwera mtengo ndipo kunyumba kwa anawo kulibenso kanthu. Ndiye miyezi yomwe phala likufunika koposa ndi yomwe sukulu zambiri zimatseka.

Munatiphunzitsanso kakonzedwe ka soya, kamene ambiri amalakwitsa. Soya sanyikidwa m'madzi ozizira, chifukwa m'mene mumachokera fungo lija ana amakanira phala. Madzi ayambe abwadamuka, kenako muzithira soya pang'onopang'ono kuti kuwira kusaleke, awire mphindi 30, mumutsuke ndi kuchotsa makoko, ndiye mumuyanike mpaka aume gwa. Amene alibe nkhuni zokwanira angathe kukazinga. Chosayenera ndi kumupititsa kuchigayo wamuwisi: amatupitsa mimba ndipo thupi la mwana silipindula naye mokwanira. Chimanga chikhale cha mgaiwa, osati chokonola, ndipo musagayitse ufa wa teremu yonse nthawi imodzi. Ufa wa soya uli ndi mafuta, ukakhalitsa umayamba kuwawa. Ife timagayitsa wa masabata awiri basi. Soya akasowa, nsinjiro zimalowa m'malo, koma mtedza wake usankhidwe m'manja: wonyala, wakuda kapena wachuku utayidwe ndithu, osauponyera mu mtondo poti ndi wa ana.

Posunga mbewu, yesani kaye ngati zauma. Ikani chimanga chodzadza dzanja ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, khutchumulani, ndipo mchere ukamatirira m'mbali dziwani kuti chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba a PICS amene munatiuza tigule ali ndi mapepala awiri a pulasitiki mkati ndi thumba lakunja. Lililonse limangidwe palokha mutafinya mpweya, ndipo anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Likabooka ndi khoswe kapena msomali, ntchito yake yatha, n'chifukwa chake timawasanja pa thandala, kutali ndi khoma. Makiyi a sitolo ndi awiri, amasunga anthu awiri a mabanja osiyana, ndipo ufa uliwonse wotuluka umalembedwa m'kope. Si kukayikirana, koma kuti pasadzapezeke wonamiziridwa.

Alangizi a zaumoyo, inu amene mumayenda pa njinga ngakhale msewu utasanduka phala nawonso, zikomo posamutsira sikelo ya mwezi ndi mwezi pabwalo la sukulu. Katemera, vitamini A wa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndi mankhwala a njoka za m'mimba tsopano zimapeza ana ali pamodzi. Chachikulu n'chakuti munaphunzitsa alezi kugwiritsa ntchito kalamba koyezera mkono. Timayeza mkono wamanzere, pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkonowo uli lende, kalambako osakoka kwambiri komanso osalekerera. Pobiriwira, kuyambira masentimita 12.5, mwana ali bwino. Pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, akaonedwe kuchipatala. Pofiira, pansi pa 11.5, apite tsiku lomwelo. Mwana wooneka wonenepa asakunamizeni: dinani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, werengani mpaka katatu, ndipo pakatsala zibowo ndiye kuti ndi kutupikana, nayenso apite msanga. Makolo, chiponde chimene mumalandira kuchipatala ndi mankhwala a mwana mmodzi yemweyo. Mukagawira abale ake, iye sachira.

Za madzi munatilangiza pa nthawi yake, chifukwa Freddy anafika kolera wa 2022 ndi 2023 asanathe. Ndowa ya madzi akumwa ndi ya malita 20, yovindikira, ya mpopi kuti kapu isamaviikidwe. Klorini timathira pa muyezo umene munatisonyeza ndipo timadikira mphindi 30 ana asanamwe. Mwana akatsegula m'mimba, paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa pang'onopang'ono pamene wina wathamangira kholo, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Akatentha thupi sitimupatsa mankhwala otsala a munthu wina, timamutumiza akayezedwe malungo. Pamene mlezi wasowa chochita, nambala ya Chipatala cha pa Foni yalembedwa pa khoma.

Chimbudzi chimaoneka ngati nkhani yaing'ono mpaka chitagwa. M'nthaka yamchenga dzenje lamakona limakumuka mvula ikachuluka, choncho lathu ndi lozungulira, lomangira njerwa mkati, ndipo lili kumunsi kwa mjigo pa mtunda woposa mamita 30. Bowo lake ndi laling'ono, loyenera mwana, lokhala ndi chivindikiro cha chogwirira, ndipo khoma lili ndi mpata wolowetsa kuwala. Mwana wa zaka zitatu akaona bowo la akulu mu mdima salowa, amakakhala kuseri, ndiye ntchentche n'kubwera nazo ku phala. Pakhomo pali mpondagiya. Sopo timabowola pakati n'kumumanga pa chingwe, apo ayi mbuzi zimatha naye. Akatha, phulusa liripo.

A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, zikomo polemba sukulu yathu m'kaundula ndi potumiza alezi ku maphunziro. Anzathu a m'midzi ina, musanyozere kalemberayu: thandizo likabwera m'boma, limatsata mayina amene ali m'buku. Kumaphunziroko alezi anabwerako atasiya kuloweza ana zilembo mmawa wonse ngati ali mu Sitandade 3. Pano chipinda chili ndi ngodya zake: ya zomangamanga ndi zitsononkho ndi timatabwa, ya kuumba ndi dongo, ya nthano, ya masewero a ana a nyumba. Zoseweretsa zambiri n'zotola m'mudzi momwemo, kungoti zitsekerero za mabotolo ndi njere zisafike kwa ana osakwana zaka zitatu, amameza. Munatithandizanso pa ana amene ankati mtambo ukada n'kuyamba kulira ndi kukakamira nsalu ya mlezi. Munati asakalipiridwe, asakakamizidwe kufotokoza zimene anaona, ajambule ndi kusewera, ndipo ndondomeko ya tsiku isasinthesinthe. Zatenga nthawi, koma dzinja lapitali ambiri amaimba mvula ikugwa pa malata.

Mlangizi woteteza ana wa dera lino, zikomo potiuza poyera chimene ambiri amaopa kunena. Mlezi akaona zipsera zosamveka bwino, kapena mwana akanena kuti wina anamugwira kosayenera, ntchito ya mlezi si kufufuza kapena kuitanitsa woganiziridwayo. Amvetsere, alembe mawu a mwanayo momwe wawanenera, adziwitse mlangizi kapena apolisi, kapena aimbe 116, nambala yaulere. Mwana wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Milandu yotere siithera pa bwalo ndi mbuzi, ndipo amfumu athu anavomereza zimenezi pamaso pa mudzi wonse.

Aphunzitsi aakulu a pulayimale yoyandikana nafe, zikomo potibwereka khonde nthawi imene tinalibe denga, komanso polola ana athu a zaka zisanu kudzaona kalasi ya Sitandade 1 asanayambe. Amayi a banki mkhonde, mapoto awiri ndi makapu aja akugwira ntchito. Achinyamata amene munachinga khitchini ndi mpanda wa bango, mwina simudziwa kukula kwa chimene munachita: mwana safikanso pamoto, phala limapita kwa ana atakhala kale pansi, litapolako, ndipo chaka chino palibe amene wapsa.

Amayi ophika, mumafika tambala atangolira ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwasiya kumunda kwanu. Inu alezi, amayi ndi abambo omwe, mumagwira ntchito ya aphunzitsi, anamwino ndi agogo nthawi imodzi, ambiri a inu popanda malipiro. Ife a komiti tikuona kuti zikomo wapakamwa sagula sopo, n'chifukwa chake msonkhano wa makolo wagwirizana kuti nyengo yolima ino mabanja azisinthana kupalira minda ya alezi, Loweruka lililonse munda umodzi.

Kalembera wa ana a zaka zitatu mpaka zisanu ayamba sabata yotsegulira sukulu mu Seputembala. Kholo libwere ndi buku la kusikelo la mwana ndi kapu yake yolembedwa dzina pansi. Chopereka cha banja lililonse chikadali chija tinagwirizana, ndowa imodzi ya chimanga chouma ndi mbale ya soya kapena mtedza, ndipo alembi azilandira kusitolo Lachiwiri ndi Lachisanu mmawa. Amene chaka chino sanakolole asabise mwana kunyumba, adzaonane ndi apampando, pali ntchito ya nkhuni ndi madzi.