Tsiku limene ndinasambitsa malume

Ku Dedza ndinapita kukafunsira mbeta, osati kukamwa mowa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa akuchikazi nkhaniyi amaifotokoza mozondoka mpaka lero.

Unali mwezi wa July. Minibasi inanditula m'tauni cha m'ma 10 m'mawa, chonsecho malume ake a chibwenzi changa anati tionane 2 koloko masana. Phiri la Dedza losaoneka ndi chifunga, ine ndili m'kashati kopyapyala ka ku Lilongwe, mano ali gwegwegwe. Wakabaza wina anandimvera chisoni n'kundilozera bala ina yakalekale. "Kumeneko kuli mbaula, bwana."

Balayo ndi nkhalamba ndithu. Malata adzimbiri, khoma lakuda ndi utsi, kauntala ya thabwa yosalala ndi zigongono za anthu amene ambiri mwa iwo anatsogola kale. Pakona madala awiri akutakata bawo osalankhulana. Panja mnyamata wachiwaya akukazinga tchipisi cha mbatata ya kachewere, chotentha bwino, chamchere wokwanira. Pamenepo sindingawanyoze.

Ndinaitanitsa Green. Wogulitsa anangoitenga pashelefu n'kunditsegulira.

"Yam'firiji palibe?"

"Firiji ku Dedza mu July? Tagwirani botololo."

Linali lozizira zoti zala zinachita dzanzi. Ndiye pofuna kuti anthu adziwe kuti kwabwera munthu wa m'tauni, ndinayamba kuphunzitsa bala yonse kuti Carlsberg anayamba kufulidwa ku Blantyre mu 1968, fakitale yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Palibe anandifunsa.

Pafupi ndi mbaula panali mdala wina wa suti ya bulawuni yosita mwaluso, tayi, chipewa chili pabondo. Anandiyang'ana, n'kukweza paketi yake ya Chibuku.

"Achimwene, umenewo ndi madzi. Mowa ndi uwu. Umamwa, umadyanso."

Ine ndani kugonja? "Ndipatseni paketi imodzi!"

Tsono chimene sindinkadziwa n'chakuti Chibuku amakhala akuwirabe m'paketimo, n'chifukwa chake pamwamba pamakhala kabowo kotulukira mpweya. Odziwa amatseka kabowoko ndi chala, n'kukhutchumula mwaulemu kuti masese asakanikirane. Ine ndinagwira paketi ndi manja awiri chapakati, kabowo kataloza mdala uja, n'kuigwedeza ngati ndikuimba chisekese kutchalitchi. Kenako ndinafinya.

Tsoooo!

Kuyambira patayi mpaka m'chipewa. Masese ena anakakamira m'ndevu, ena anagwera pambaula n'kulira tswii. A bawo aja anasiya kutakata. Mdalayo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotulutsa kampango, n'kupukuta magalasi pang'onopang'ono.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

Ndinanama. Ndinati ku Mzimba. Ndinasiya ndalama ya mapaketi awiri pakauntala, n'kuliyatsa liwiro, chenji osadikira.

Itakwana 2 koloko ndinali pamkeka, nditapinda miyendo, mutu pansi ngati mwana wabwino. Anati malume achedwa pang'ono, akusintha zovala. Pachingwe kuseri kwa nyumba ndinaona jekete ya bulawuni ikudontha madzi. M'mimba munangoti bwi.

Anatulukira atavala juzi, magalasi omwe aja. Anakhala pampando, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Muli bwanji, a ku Mzimba?"

Chibwenzi changa chinatong'ola maso. "Malume, kwawotu n'ku Lilongwe."

"Ndiye asamuka lero lomwe." Anatembenukira abale. "Mnyamatayu ndi wamwambo. Asanamwe amayamba wathirira mizimu. Kungoti ine anandiyesa kuti ndinafa kale."

Mbeta anandipatsa. Koma pachinkhoswe, anzanga onse akutsegula Green, ine anandibweretsera paketi ya Chibuku m'mbale, malume ataima kutali, ambulera ili m'manja.