PhD ya uinjiniya ku South Africa: zofunika polowa ndi pomaliza

Ambiri akafuna digiri ya udokotala (PhD) pa uinjiniya amathamangira kudzaza fomu ya pa intaneti, chonsecho fomuyo imayenera kubwera kumapeto. Ku mayunivesite ngati Cape Town, Stellenbosch, Wits ndi Pretoria, simungalembetse PhD popanda mphunzitsi wa m'dipatimenti amene wavomera kukhala supavaiza wanu. Fomu yopanda dzina la munthu ameneyu kawirikawiri imangogona mu ofesi mpaka nthawi yolembetsa itatha.

Za mapepala sizivuta kumvetsa. Dziko la South Africa limaika maphunziro m'magawo 10 a NQF, ndondomeko ya dzikolo yoikira maphunziro pa mlingo wake. Digiri ya uinjiniya ya zaka zinayi ili pa gawo 8, masitazi pa gawo 9 ndi makirediti 180, udokotala pa gawo 10 ndi makirediti 360. Kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito, ndiye pa pepala PhD ndi maola 3,600, ngakhale aliyense amene anagonapo mu labu angakuuzeni kuti chiwerengerochi ndi chochepa. Khomo lenileni ndi masitazi, koma osati masitazi iliyonse. Ngati yanu inali ya makosi okhaokha ndi kalipoti kakang'ono kumapeto, dipatimenti ikhoza kukayika ngati munachitapo kafukufuku woima panokha. Pali njira ina: kulembetsa masitazi ya kafukufuku, ndipo ntchito ikaoneka kuti yakula ndi kuzama, supavaiza amapempha kuti ikwezedwe kukhala PhD musanaipereke kwa oyesa. Kuipa kwake n'kwakuti PhD ikakanika mutakwezedwa kale, mungatsale wopanda digiri zonse ziwiri.

Amene digiri zawo ndi za kunja kwa dzikolo, monga za ku MUBAS, MUST kapena University of Zambia, amafunsidwa satifiketi ya SAQA, bungwe la ku South Africa lounika mapepala a maphunziro, yosonyeza gawo limene digiriyo ikufanana nalo. SAQA imafunsa kaye sukulu imene inakupatsani digiri, ndipo ofesi ya kwanu ikachedwa kuyankha, zonse zimaima. Yambani nazo miyezi ingapo pasadakhale.

Tsopano kwa supavaiza. Imelo yonena kuti "ndikufuna kuchita PhD ya uinjiniya wa zomangamanga, ndithandizeni" siyankhidwa. Werengani zimene munthuyo wasindikiza m'zaka zitatu zapitazi, mutchule pamene ntchito yake inalekeza, kenako munene funso lanu m'ziganizo ziwiri. Phatikizani CV, zotsatira za mayeso, buku lanu la masitazi ndi pulopozo ya masamba ochepa. Musachite manyazi kufunsa ngati labu ili ndi makina amene mukufuna, komanso kuti zipangizo adzalipira ndani.

Pulopozo ndi pamene mainjiniya ambiri amapunthwa, chifukwa tinaphunzitsidwa kupanga zinthu zogwira ntchito. Oyesa PhD safunsa ngati chinthucho chikugwira ntchito. Amafunsa chimene dziko laphunzira chimene silinkadziwa. Tiyerekeze kuti mukufuna kuchepetsa simenti mu konkire poikamo phulusa la zotsalira za nzimbe. Kusakaniza 10%, 20% ndi 30%, kuumba makyubu (timabuloko ta konkire toyesera mphamvu), kuwaphwanya pa masiku 7 ndi 28, n'kulemba kuti mlingo wakuti ndiwo wabwino, imeneyo ndi ntchito ya masitazi, ndipo anthu anaichita kale m'mayiko ambiri. Udokotala umayamba mukafunsa chifukwa chake. Kodi kutentha kwa ng'anjo kumasintha bwanji silika wa m'phulusamo? Kodi kusalala kwa phulusa kumakhudza motani mipata ya m'kati mwa konkire, imene mpweya ndi mchere zimadutsamo kukadya zitsulo? Pamenepo mudzafunika miyeso ya kulimba kwa nthawi yaitali, monga itatu imene inakonzedwa ku South Africa komweko: kudutsa kwa okosijeni, kuyamwa madzi ndi kuyenda kwa kolorayidi. Mudzafunikanso konkire wopanda phulusa woyerekezera, masampulo okwanira pa mlingo uliwonse, ndi njira yolosera zotsatira imene mwaiyesa pa deta ina yosakhala imene munaipangira. Kulephera kumabwera pamene phulusa latengedwa maulendo osiyana popanda kuliyeza, kapena makyubu asungidwa m'madzi a kutentha kosinthasintha. Zotsatira zimabalalika, ndipo miyezi isanu ndi umodzi imapita pachabe.

Nkhani ya ndalama musaisiyire kumapeto. Ophunzira ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kutsatira mgwirizano wa zamaphunziro wa 1997, koma mayunivesite amaonjezera kandalama ka ophunzira akunja. Thandizo la NRF, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku, ndi lopapatiza: ndondomeko yake imapereka 95% ya malo kwa nzika ndi okhazikika m'dzikolo, imafuna 65% pa masitazi, ndipo wopempha za PhD asapitirire zaka 32. Choncho akunja ambiri amadalira ndalama za pulojekiti ya supavaiza kapena za owalemba ntchito. Viza ya maphunziro imafuna kalata ya yunivesite, chikalata cha apolisi ndi inshulansi ya zachipatala yolembetsedwa ku South Africa, ndipo imalola ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata.

Mukalowa, kawirikawiri mulibe makalasi ngati a PhD ya ku America. Ntchito yonse ndi kafukufuku. Nthawi yochepetsetsa yolembetsa ndi zaka ziwiri, koma ambiri amatenga zitatu kapena kupitirira. Pulopozo yathunthu iyenera kuvomerezedwa ndi komiti, ndipo ngati mudzafunsa anthu mafunso, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali chipezeke musanayambe, chifukwa deta yotoleredwa chilolezo chisanatuluke ikhoza kukanidwa yonse. Ku Cape Town wophunzira ndi supavaiza amasainirana pangano lolemba zoyenera kuchitika, ndipo chaka chilichonse amaunikanso mmene ntchito yayendera. Pangano limeneli lilembedwe mosamala: mukumana kangati, ndemanga zibwera pakatha masabata angati, dzina la ndani liyamba pa pepala losindikizidwa.

Pomaliza buku limadutsa pa Turnitin, pulogalamu ya kompyuta yoona ngati munakopera ntchito ya ena, kenako limapita kwa oyesa, nthawi zambiri atatu, ena a kunja kwa dziko. Ku Cape Town lisapitirire mawu 80,000 popanda chilolezo. Mayunivesite ena, monga Stellenbosch, amafunanso mayeso a pakamwa, ndipo ena amafuna umboni woti mwatumiza pepala ku jenolo yovomerezeka musanalandire digiri, choncho werengani malamulo a fakote yanu chaka choyamba. Oyesa angavomereze buku mmene lilili, angafune kuti mukonze zing'onozing'ono, angalibweze kuti mulikonzenso n'kuyesedwa kachiwiri, kapena angalikane. Kuyesaku kumatenga miyezi, ndiye onetsetsani kuti viza ndi ndalama zanu zikufika mpaka nthawi yokonza zimene oyesa anena.