Ku Gee's Bend ndi malaya a malemu bambo m'chikwama

Malaya awiri ndi buluku limodzi. Limenelo ndilo linali gawo langa tsiku limene achibale anakhala pamphasa kwathu ku Balaka kugawana zovala za malemu bambo. Jekete linapita kwa achimwene, nsapato kwa amalume, ine ndinatola zimene ena ankazidumpha chifukwa zinali zoperepeseka, zimene bambo ankavala popita kumunda wa thonje. Ndinabwera nazo kuno ku Atlanta, ndipo zinagona pansi pa sutikesi zaka zitatu.

Kusoka zofunda za zigamba ndinakuyamba mu 2020, matenda a Covid-19 atatitsekera m'nyumba. Kuno amazitcha quilt. Zimakhala nsalu zitatu zosanjikiza: pamwamba zidutswa zolumikizalumikiza, pakati thonje, pansi nsalu imodzi yaikulu, ndiye umasoka zonsezo pamodzi kuti thonje lisamathawire mbali imodzi ukachapa. Aphunzitsi anga anali azimayi a pa YouTube, anthu a rula ndi kampeni kozungulira, amene amati msoko uliwonse ukhale kota ya inchi ndipo ngodya zikumane ndendende. Ndinawamvera ngati mwana wa Sitandade 1. Ngodya ikaphonya pang'ono ndinkasomula mzere wonse, ngakhale pakati pa usiku. Ndasoka zisanu ndi ziwiri, zonse za zitenje zatsopano, ndipo palibe chatsala m'nyumba mwanga. Zinapita ku maukwati ndi ku zikuta.

Mng'ono wanga atandiuza kuti ndi woyembekezera, maganizo anandifikira kuti mwanayo ndimusokere chofunda cha zovala za agogo ake amene sadzawaona. Ndinauza amayi pa WhatsApp. Anangoti zii kaye, kenako anati, "Iwe, zovala za malemu ukazing'ambe? Ndiye khanda likafunde zigamba ngati tasowa ndalama ya shawelo?" Sindinawatsutse. Amene munaphunzira pulayimale ya kumudzi mukudziwa mmene ankamusekera mwana wa kabudula wa chigamba kumbuyo. Kwathu chigamba chimanena za umphawi, basi. Sizasi ndinaibweza mu dirowa.

Dzina la Gee's Bend, mudzi wa ku Alabama wotchuka ndi zofunda za zigamba, ndinkangolimva kwa osoka anzanga. Loweruka lina la Okutobala tinanyamuka mbandakucha, ine ndi mnzanga wa ku Chipata amene timapemphera tchalitchi chimodzi. Iye sasoka nkomwe, anangoti akufuna kukawongola miyendo. Malaya aja ndinawapinda n'kuwaika m'chikwama osamuuza.

Msewu wa I-85 wochoka ku Atlanta kukafika ku Montgomery ulibe nkhani. Chokhacho n'chakuti ukalowa mu Alabama nthawi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo ola la bonasi limeneli ndi limene linatipusitsa. Titadutsa Montgomery tinatenga msewu wa 80 wopita ku Selma, ndipo m'mbali mwake ndinaona minda ya thonje itayera mbuu, yodikira makina okolola. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Thonje ndimalidziwa ndi zala, zikhadabo zake zinandibaya ndili mwana. Ku Selma tinatsika kuti tiwoloke wapansi mlatho wa Edmund Pettus, pamene apolisi anamenya anthu akuda oguba pofuna ufulu wovota pa 7 Malichi 1965. Tinajambulitsa, tinadya, tinachedwa. Pofika pa doko la pafupi ndi Camden, pantoni inali pakati pa mtsinje, ikutionetsa msana.

Mnzanga anati tidikire ulendo wotsatira. Ine mtima unali m'mwamba, ndinati tizungulire pamsewu. Apa m'pamene ndinamvetsa malowa. Gee's Bend, imene pa mapu imalembedwa Boykin, ili mkati mwa chigongono cha mtsinje wa Alabama, madzi mbali zitatu. Kuchokera ku Camden, likulu la boma la Wilcox, ndi kungowoloka chabe, koma pamsewu ndi makilomita oposa 60, pafupifupi ola lathunthu m'nkhalango za paini. Mu 1962, anthu a kutsidyako atayamba kuwoloka kukalembetsa mavoti ku Camden, akuluakulu achizungu anaimitsa pantoni. Inadzayambanso kuyenda mu 2006. Zaka 44 munthu wofuna dokotala kapena ofesi ya boma ankazungulira njira imene ife tinkadandaula nayo tili m'galimoto ya mphepo yozizira, ndipo ambiri mwa iwo analibe galimoto.

Mudziwo ndi waung'ono, anthu ake sakwana 300. Msewu umodzi, matchalitchi, nyumba zotalikirana, ndi zikwangwani zojambulidwa zofunda m'mbali mwa msewu. Dzina la Pettway lili paliponse, pa mabokosi a makalata ndi pa manda pomwe. Si kuti onse ndi mbumba ya munthu mmodzi. Joseph Gee anatsegula munda wa thonje pamenepa mu 1816, ndipo mu 1845 mundawo ndi akapolo ake zinapita m'manja mwa Mark Pettway, amene anabweretsanso akapolo ena wapansi kuchokera ku North Carolina. Ukapolo utatha anthuwo anatsala pomwepo, akulima minda ya eni, atasenza dzina la amene anawagula. Martin Luther King anadzalalikira kuno mu 1965, ndipo nyulu zimene zinakoka ngolo ya bokosi lake ku Atlanta mu 1968 zinachokera m'mudzi uno. Ndakhala ku Atlanta zaka zonsezi osadziwa zimenezo.

M'nyumba imene gulu la osoka limagwiriramo ntchito tinapeza amayi achikulire angapo atazungulira chofunda chotambasulidwa pa mitengo, aliyense ndi singano yake, dzanja lina pansi lina pamwamba. Wina ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ena n'kumalandira motsitsa, ngati amayi a chigwirizano akusenda nandolo. Chingerezi chawo chinandivuta poyamba, amameza mawu, koma nawonso changa chinawavuta, ndiye tinakwanirana.

Tsono zofundazo. Aphunzitsi anga a pa YouTube akanakomoka. Mizere yokhota, ngodya zosakumana, chigamba chofiira chitagwera pamalo pamene sunachiyembekezere. Koma ukaima chapatali, chinthucho chimakugwira, diso limakana kuchokapo. Kasokedwe kamene amakakonda kwambiri amakatcha Housetop: kachidutswa ka ngodya zinayi pakati, ndiye mizere ikuzungulira kunja kwake, ina pamwamba pa inzake, ngati wagona chagada ukuyang'ana phaso la denga. Ena satsata dongosolo lililonse, amangoti ndasoka mwa njira yanga. Ndinaona mayi wina akufuna kansalu kotalika. Sanafune rula. Anangocheka pang'ono m'mphepete ndi sizasi, n'kung'amba kwee, n'kupitiriza nkhani imene ankakamba.

Zimene zinandikhalitsa pansi ndi za zovala zogwirira ntchito, zimene zambiri ndinaziona m'mabuku a zithunzi amene ali pamenepo, poti zenizenizo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale m'mizinda ikuluikulu. Amayi akale a kuno analibe nsalu yogula. Ankatenga maovolosi ndi mabuluku a jinzi a amuna awo, otha m'mawondo, n'kuwang'amba miyendo, pakati n'kuikamo thonje lotsalira kumunda, kunsi matumba a ufa kapena a feteleza. M'nyumba za mitengo zolowa mphepo, m'nyengo yozizira ana ankafunda zingapo nthawi imodzi. Ukayang'anitsitsa umaona bondo la munthu pamene jinzi inayera, umaona dothi limene sopo analephera. Chimodzi chinasokedwa ndi Missouri Pettway mu 1942, mwamuna wake Nathaniel atamwalira. Anatenga zovala zake za kumunda n'kusoka chofunda choti azifunda pomukumbukira. Ndinawerenga zimenezo kawiri, kenako ndinatsegula chikwama.

Agogo amene ndinakhala nawo pafupi anawalandira malayawo ndi manja awiri. Sanafunse zambiri, ndinangoti ndi a bambo anga, ankalima thonje. Anawatembenuza, anawapsinya m'manja kuti amve ngati nsalu ikadali ndi moyo, anayang'ana pamsana pamene dzuwa la ku Balaka linadya mtundu wonse. Kenako analowetsa chala m'thumba la pachifuwa. "Mwana wanga, yamba ndi apa. Usomule thumbali bwinobwino, uone chimene chili kunsi." Ndinafunsa ngati ndidule potha, ndisunge polimba pokha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukataya pothapo, ndiye bambo ako atsala pati?"

Pali chinthu china chimene ndinawadandaulira, tikuseka. Chofunda china chimene ndinasoka miyezi itatu n'kupereka pa ukwati, ndinakachipeza chitayalidwa pansi, ana akudyerapo chipisi. Ndinabwerako mtima ukuwawa sabata yonse. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundifunsa kuti ndimafuna achiike mu fuliji kodi. Zoonadi, kuno chofunda chinkagwira ntchito mpaka kutheratu, chikatha ankachiwotcha kuti utsi uthamangitse udzudzu. William Arnett, wosonkhanitsa zaluso wa ku Atlanta, atafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kufunafuna chofunda cha Annie Mae Young chimene anachiona pa chithunzi, mayiyo poyamba ankaganiza kuti anachiwotcha kale. Chinapezeka, ndipo mu 2002 zofunda za m'mudzi muno zinapachikidwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney ku New York. Mu 2006 zinatuluka pa masitampa a positi ya Amerika.

Kutchuka kumeneko sindinakuone m'misewu ya Boykin. Wilcox likadali limodzi mwa maboma osaukitsitsa m'dziko lolemerali, ndipo zimandivuta kumvetsa kuti ntchito ya manja a anthu ikhale m'mizinda ya kutali anthu akulipira pakhomo kuti aione, eni ake alibe ngakhale sitolo yooneka. N'chifukwa chake nditaona mitengo ya zofunda zazikulu, zina zoposa madola chikwi, sindinachite tsinya ngati mnzanga wa ku Chipata, amene anandinong'oneza kuti ndalama imeneyo kwawo ndi ng'ombe. Ine ndikudziwa masiku amene amalowa m'chofunda chimodzi. Thumba langa linakwanitsa kansalu kogwirira mapoto kokha, ndipo sindikagwiritsa ntchito, kali pakhoma. Agogo aja akanandiseka.

Pobwerera tinaipeza pantoni. Kuyambira 2019 imayendera magetsi a mabatire, ndiye imangoseseleka pamadzi mwakachetechete. Mphindi zosakwana makumi awiri tinali kutsidya, pamene m'mawa tinawotcha mafuta ola lonse.

Lamulungu madzulo ndinakhala pa tebulo ndi kalezala. Ndinasomula thumba la malaya a buluu, msoko umodziumodzi. Kunsi kwake nsalu inali buluu weniweni, wakuda bii, mmene analili malayawo tsiku limene bambo anawagula, kachigawo ka ngodya zinayi pakati pa nsalu yoyezuka. Ndinajambula n'kutumizira amayi popanda mawu. Kameneko ndiye kakhala pakati pa Housetop ya mwanayo, mizere ya buluku izungulire kunja.

Yankho linabwera m'mawa, la mawu, nkhuku zikumveka kumbuyo. Za shawelo sanazitchulenso. "Malaya amenewo ukaona kolala yake, ndinaitembenuza ndine, pamanja, chaka chimene iwe unkalemba mayeso a Sitandade 8. Imeneyo usataye. Ndipo kunsi kwakeko usaikeko nsalu ya m'sitolo. Ndili ndi chitenje changa chakale, chofewa, ndimupatsira mwana wa a neba akamabwerera kumeneko mu Disembala."